Muyeso, Mathero a Mizere ndi Kamvekedwe ka Ndakatulo: Mafunso ndi Mayankho

Kodi wosanthula ndakatulo amayambira pati?

Amayamba ndi kuiwerenga mokweza, kawiri kapena katatu, asanagwire cholembera. Ndakatulo imalakatulidwa, ndipo zambiri zomwe mlakatuli waikamo zimatoledwa ndi khutu pomwe diso limangozidutsa. Mayina a mabuku ena odziwika a ndakatulo za Chichewa amakumbutsa zomwezi. E.J. Chadza adatcha buku lake la mu 1963 kuti Ntchito za Pakamwa, ndipo Benedicto Wokomaatani Malunga ali ndi lake lotchedwa Kuimba kwa Mlakatuli.

Khutu limafufuza zinthu zitatu. Choyamba ndi muyeso, kutanthauza kutalika kwa mizere ndi malo omwe liwu limatsamira. Chachiwiri ndi kufanana kwa mamvekedwe, makamaka kumathero a mizere. Chachitatu ndi kamvekedwe ka ndakatulo yonse, kaya n'kachisoni, kankhawa, kachitonzo kapena kachimwemwe. Ziwiri zoyambazo zimawerengeka ndi zala, ndipo phindu lake limaoneka zikathandiza kufotokoza chachitatucho.

Muyeso n'chiyani, nanga umasiyana bwanji ndi kayendedwe?

Muyeso ndi dongosolo lowerengeka lomwe mizere imatsata mobwerezabwereza. Kayendedwe ndi momwe mawu amatulukira pakamwa, kaya akuthamanga, akukwawa, akuima kapena akudumpha. Pabwalo la gule wamkulu pamakhala ng'oma zina zomwe zimasunga kugunda kumodzi kosasintha, pomwe mbalule imatsata mapazi a wovina, pena n'kufulumira, pena n'kudukiza. Muyeso uli ngati ng'oma zosunga kugundazo, kayendedwe kali ngati mbalule. Ndakatulo iliyonse ili ndi kayendedwe, koma si iliyonse yomwe ili ndi muyeso wokhazikika.

Chiyankhulo chilichonse chimayeza ndi chomwe chili nacho. Agiriki ndi Aroma akale ankasiyanitsa maphatikizo aatali ndi aafupi, ndipo ndakatulo za Homer zimayenda m'mizere ya magawo asanu ndi limodzi. Chifalansa chimawerenga maphatikizo, ndipo mzere wake wotchuka wotchedwa alexandrin umakhala nawo 12. Haiku ya ku Japan imagawidwa patatu, motsata chiwerengero cha 5, 7 ndi 5. Chingerezi chimadalira kulemera ndi kupepuka kwa maphatikizo. Muyeso wake wofala kwambiri, iambic pentameter, uli ndi maphatikizo 10 oyenda awiriawiri, lopepuka patsogolo ndi lolemera pambuyo, monga momwe amamvekera mawu oti again. Alakatuli a Chiswahili otsata mwambo wakale amawerenga zomwe amazitcha mizani, ndipo mzere wawo wodziwika umakhala nazo 16, zogawidwa pakati, 8 mbali iyi ndi 8 mbali inayo.

Kodi maphatikizo a Chichewa amawerengedwa bwanji?

Phatikizo la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, ndipo malembo a liwu alipo asanu: a, e, i, o, u. Kotero njira yachidule ndi kuwerenga malembo a liwu omwe ali mumzere. Mawu oti nyumba ali ndi maphatikizo awiri, nyu-mba. Oti chimanga ali ndi atatu. Oti kusungulumwa ali ndi asanu. Malembo a liwu awiri akagundizana, monga m'mawu oti yaima, lililonse limaima palokha: ya-i-ma.

Pali malo awiri omwe ophunzira ambiri amapunthwapo. Oyamba ndi lembo la m. M'mawu oti mbuzi ndi mphepo, m amamatirira ku lembo lotsatira, ndipo mawuwo ali ndi maphatikizo awiriawiri: mbu-zi, mphe-po. Koma m'mawu oti mtengo, mlendo ndi mphika, m ndi chotsalira cha mu-, ndipo amatchulidwa payekha: m-te-ngo, m-le-ndo, m-phi-ka. Wokayika ayese kuchulukitsa dzinalo. Ngati m wasanduka mi- kapena a-, monga mitengo, alendo ndi miphika, ndiye kuti anali phatikizo lapalokha. Mbuzi zikachuluka zimakhalabe mbuzi. Chimodzimodzinso m' wosonyeza malo, monga m'mudzi, ndi n' wochokera ku ndi, monga n'chiyani, amawerengedwa paokha.

Malo achiwiri ndi kumezana kwa mawu. Poyankhula, mwana uyu amasanduka mwanayu, ndipo maphatikizo amatsika kuchoka pa anayi kufika pa atatu. Nyumba iyi imasanduka nyumbayi. Mlakatuli amasankha pakati pa njira ziwirizi pofuna kuti mzere ukwane, ndipo wosanthula ayenera kuwerenga zomwe zalembedwa, kenaka n'kumvetsera ngati pakamwa pakuvomereza.

Kodi Chichewa chili ndi maphatikizo olemera ngati a Chingerezi?

Chili nawo, koma amakhala pamalo amodzi odziwika. Liwu limatsamira pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa mawu, ndipo kutsamirako kumabwera mwa kukoka pang'ono: ma-LA-wi, chi-MA-nga, ku-su-ngu-LU-mwa. Kukokaku kumamveka kwambiri pa mawu omaliza munthu asanapume, ndipo pakati pa chiganizo kumachepa. Mlakatuli sangasunthe malo a kukokaku, koma akhoza kusankha mawu otalika mwakuti kukokako kuzigwa motalikirana mofanana. Ndime yotsatirayi yapekedwa pofuna kuonetsa zimenezi:

Dzuwa lalowa kudambo,
Utsi wafuka pamudzi,
Mayi akhala pakhomo,
Njira ya Joni ili zii.

Mizere itatu yoyamba ili ndi maphatikizo 8 uliwonse, ndipo yamangidwa mofanana: mawu a maphatikizo awiri, kenaka a atatu, kenaka a atatu. Liwu likutsamira pa phatikizo loyamba, lachinayi ndi lachisanu ndi chiwiri: DZU-wa la-LO-wa ku-DA-mbo, U-tsi wa-FU-ka pa-MU-dzi, MA-yi a-KHA-la pa-KHO-mo. Pofika mzere wachitatu khutu lazolowera kugunda katatu, ndipo likudikira kuti wachinayi uyende chimodzimodzi.

Mzere wachinayi ukuyamba momvera: NJI-ra ya JO-ni. Kenaka ukupatuka. Mizere inayo idathera pa phatikizo lopepuka, -mbo, -dzi ndi -mo, koma uwu ukuthera pa mvekero wolemera, wokokeka, womwe pambuyo pake palibenso chomveka. Phazi lomwe limayembekeza kuponda pansi latsala m'mwamba. Apa ndi pomwe pali ntchito ya wosanthula, chifukwa malo omwe muyeso wathyoka ndi omwewo omwe nkhani ya ndimeyi yaululika: mayi akudikira munthu yemwe sakubwera. Kupeza kuti mizere ili ndi maphatikizo 8 ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi kufunsa chifukwa chomwe mzere wina wakanira kutsata anzake.

N'chifukwa chiyani muyeso wa Chingerezi suyenda bwino m'Chichewa?

Chifukwa mawu a Chichewa amathera motsika, cholemera patsogolo ndi chopepuka pambuyo, pomwe iambic pentameter imafuna kuti mzere uthere pa phatikizo lolemera. Umboni wake umamveka m'tchalitchi. Amishoni omwe adafika ku Blantyre mu 1876 ndi ku Mvera mu 1889 adabwera ndi nyimbo zakwawo, zambiri zoyezedwa kale mwa chiwerengero monga 8.6.8.6, kutanthauza maphatikizo 8 mumzere woyamba, 6 mu wachiwiri, ndipo chimodzimodzi mizere iwiri yotsatira. Omasulira ankayenera kulowetsa mawu aatali a Chinyanja m'malo ochepawo. N'chifukwa chake m'nyimbo zambiri Mulungu amafupikitsidwa kukhala Mlungu ndipo Ambuye amakhala Mbuye, komanso oimba amapezeka akukoka phatikizo lomaliza la mawu, lomwe poyankhula salikoka. Nyimbozo anthu adazizolowera ndipo amazikonda, koma sizingakhale mlingo woyezera ndakatulo yopekedwa m'Chichewa. Wophunzira yemwe wasaka muyeso wa Chingereziwu m'ndakatulo ya Chichewa n'kuusowa asathamangire kunena kuti ndakatuloyo ilibe dongosolo, chifukwa wayeza ndi chida cha eni ake.

Nanga ndakatulo yomwe mizere yake ndi yotalika mosiyana imasanthulidwa bwanji?

Ndakatulo zambiri za Chichewa n'zotere, ndipo dongosolo lake limapezeka m'mpweya wa wolakatula: pomwe akupuma, pomwe akufulumira, ndi zomwe akubwereza. Ndime ina yopekedwa, yopitiriza nkhani yomwe ija, ikuonetsa kusiyanaku:

Basi yaima, fumbi kobo!
Mayi dzambatu,
Ana nyamu,
Wa ku Joni balamanthu!

Maphatikizo ake ndi 9, 5, 4 ndi 8. Muyeso wokhazikika palibe, koma kayendedwe kalipo, ndipo n'kosankhidwa mwadala. Mizere ikufupika pamene anthu akudzuka mothamanga, kenaka n'kutambasuka pamene woyembekezeredwayo waonekera. Chochititsa chidwi kwambiri n'chakuti mneni alimo mmodzi yekha, yaima. Ntchito yonse yotsala yagwiridwa ndi mivekero: kobo, dzambatu, nyamu, balamanthu. Mvekero umachotsa timawu tolumikiza n'kusiya chochitika chokha, ndipo ichi ndi chida chomwe Chichewa chili nacho chochuluka kuposa Chingerezi. Ndime yoyamba ija inali ndi aneni anayi oyenda pang'onopang'ono, iyi ili ndi mmodzi, ndipo kusiyana kwa liwiro kwa ndime ziwirizi kwagona pamenepo.

Kayendedwe kotere kali ndi mizu m'ndakatulo zapakamwa. Nyimbo ya pamtondo imayezedwa ndi kugwa kwa musi, ndipo amayi awiri akamasinja mopatsirana, mawu amalowa m'mipata ya misiyo, kaya achuluke kaya achepe. Nyimbo yoletsa mwana imatsata kugwedeza kwa mlezi. M'nyimbo za pabwalo mmodzi amatsogolera, gulu n'kuvomera, ndipo mawu ovomerawo ndiwo amadula mizere. Ngakhale nthano imayenda mwa njira yomweyo, wokamba akamapuma pomwe omvera akuti tili tonse. Mlakatuli wolemba papepala amatenga zizolowezi zimenezi, ndipo wosanthula amene wazizindikira amaona dongosolo pomwe wina akuona chisawawa.

Kodi mathero ofanana amalembedwa bwanji posanthula?

Mzere uliwonse umapatsidwa lembo molingana ndi momwe wathera. Woyamba umatchedwa A. Wotsatira ukathera mofanana umatchedwanso A, ukasiyana umatchedwa B, ndipo zimapitirira choncho. Mizere yofanana iwiriiwiri imapereka AABB, yodumphana imapereka ABAB, ndipo iwiri ikakuta inzake pakati pamatuluka ABBA. Soneti, ndakatulo ya mizere 14, ndiyo imaonetsa bwino dongosololi. Masoneti 154 a William Shakespeare, omwe adasindikizidwa mu 1609, pafupifupi onse amatsata ABAB CDCD EFEF GG, pomwe a Petrarch wa ku Italy amayamba ndi ABBA ABBA. M'ndime ya mayi wodikira ija, mathero ndi kudambo, pamudzi, pakhomo ndi zii, ndipo malembo a liwu omaliza ndi o, i, o, i, kotero ikhoza kulembedwa ABAB.

Kodi mizere yonse yothera ndi lembo limodzi ili ndi mathero ofanana?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe kusanthula kwambiri kumasochera. M'Chichewa mawu onse amathera ndi limodzi mwa malembo a liwu asanu okha, ndipo aneni ambiri amathera ndi a. Munthu akhoza kulemba mizere 20 yothera ndi kudya, kugona, kupita, kulira ndi ena otero, yonse n'kuthera ndi a, popanda luso lililonse. Kufanana koteroko kwabwera ndi malamulo a chiyankhulo, ndipo khutu la Mchewa silikutenga ngati chinthu chapadera.

Kufanana kolimba kumayambira pa lembo la liwu la phatikizo lokokedwa lija, lachiwiri kuchokera kumapeto, n'kufika kumathero. Mawu oti nyanja, banja ndi dzanja amagwirizana pa -anja. Mtima, nsima ndi kulima amagwirizana pa -ima. Njala, mwala ndi chala amagwirizana pa -ala, ndipo moto, mpoto ndi maloto amagwirizana pa -oto. Chitaliyana, chomwe mawu ake ambiri amatheranso ndi lembo la liwu, chimatsata lamulo lomweli: kufanana kumawerengedwa kuyambira pa lembo la liwu lolemera. Poyeza ndi mlingo umenewu, kudambo ndi pakhomo n'zofanana mofooka, chifukwa zagawana o womaliza yekha. Pamudzi ndi zii zayandikana kwambiri chifukwa cha dzi ndi zi, komabe sizinafanane kwathunthu. Wosanthula wosamala amalemba ABAB, n'kuonjezera kuti kufananako n'kwapatalipatali.

Ngakhale kufanana kolimba kumafunsidwanso funso lina: kodi mawu awiri omwe amangiriridwa pamodziwo akuuzana chiyani? Mizere iwiri iyi ndi yopekedwanso:

Mwera wakalipa panyanja,
Nkhawa yalowanso m'banja.

Uliwonse uli ndi maphatikizo 9, pokumbukira kuti m' wa m'banja amaima payekha. Mathero ake amanga nyanja ndi banja, ndipo kumangako ndiyo nkhani yeniyeni ya mizereyi: moyo wa pakhomo la msodzi umadalira zomwe zikuchitika pamadzi. Mathero otere agwira ntchito. Koma pali ndakatulo zina zomwe mlakatuli amakhotetsa chiganizo, kapena kulowetsa mawu osayenera, pongofuna kuti mizere ithere mofanana. Chimenecho ndi chilema, ndipo wosanthula ali ndi ufulu wochitchula.

Alakatuli a Chiswahili adakangana kwambiri pa nkhaniyi. Mwambo wawo, womwe Shaaban Robert wa ku Tanganyika ankautsata, umafuna vina, kutanthauza maphatikizo ofanana pakati ndi kumapeto kwa mzere. Euphrase Kezilahabi atatulutsa buku la Kichomi mu 1974, lokhala ndi ndakatulo zosatsata vina ndi mizani, ena adakana kuti zimenezo n'ndakatulo. Chichewa sichidakhalepo ndi lamulo lokhwima chotere, ndipo ndakatulo yopanda mathero ofanana siiwerengedwa kuti yaperewera.

Ngati mathero ofanana si mwini bwalo, n'chiyani chimamanga ndakatulo ya Chichewa?

Kawirikawiri ndi chibwereza, ndipo chimabwera m'njira zingapo. Pena mizere imayamba ndi mawu amodzimodzi. Pena mawu omaliza a mzere amakhala oyamba a mzere wotsatira, ngati mphete za unyolo. Pena mawu amasintha koma kamangidwe ka chiganizo n'kukhala komweko, monga m'ndime ya mayi wodikira, momwe mizere itatu yonse ili ndi dzina, mneni ndi malo. Kamangidwe kobwerezedwako ndiko kamachititsa kuti dzuwa, utsi ndi mayi zimveke ngati zinthu zamtundu umodzi, zonse zochita zomwe zimachita madzulo aliwonse.

Palinso kufanana kwa kumayambiriro kwa mawu, komwe m'Chichewa kumadza ndi magulu a mayina. Chiganizo choti chimanga chathu chonse chacha chili ndi ch kumayambiriro kwa mawu onse anayi, koma wolemba sadavutikirepo, chifukwa dzina loti chimanga limakakamiza mawu otsatira kuti agwirizane nalo. Luso la mlakatuli lili posankha gulu la dzinalo. Akati kamwana kanga kagona, ka- wobwerezedwayo akuchepetsa ndi kusisita, ndipo womvera amamva chikondi kapena chifundo. Akati chimunthu chija chabwera, chi- akukuza mochititsa mantha kapena monyoza. Mwana ndi munthu akadatha kutchulidwa m'gulu lawo la nthawi zonse, choncho kuwasamutsira ku ka- kapena ku chi- ndi chisankho, ndipo chisankho ndicho chimasanthulidwa.

Kodi kukwera ndi kutsika kwa liwu kuli ndi gawo?

Kuli nalo, ngakhale kuti sikulembedwa. Mawu oti mtengo amatanthauza chomera kapena ndalama zogulira chinthu, malinga ndi momwe liwu lakwerera, ndipo khungu likhoza kukhala la pathupi kapena la maso. Mawu awiri ofanana pamapepala akhoza kusiyana pakamwa, ndipo mlakatuli akhoza kusewera ndi matanthauzo onse awiri. Ichi ndi chifukwa china chomwe ndakatulo iyenera kuwerengedwera mokweza, makamaka ndi munthu yemwe chiyankhulochi adayamwira.

Kodi kamvekedwe ka ndakatulo n'chiyani, ndipo kamadziwika bwanji?

Mawu oti kamvekedwe amanyamula zinthu ziwiri zomwe ndi bwino kuzilekanitsa. China ndi mtima wa woyankhula pa zomwe akunena: akudandaula, akuchonderera, akulangiza, akuyamikira kapena akutonza. China ndi chomwe chimatsala mumtima mwa womvera: chisoni, mantha, mpumulo, mkwiyo. Ziwirizi nthawi zambiri zimayendera limodzi, koma zikhoza kusiyana. Woyankhula wodzitama akhoza kuchititsa womvera manyazi, ndipo mwana wofotokoza maliro a mayi ake mosazindikira kanthu akhoza kuliza anthu iye ali phee. Woyankhulayo asasokonezedwenso ndi mlakatuli. Mwamuna akhoza kulemba m'mawu a mkazi wamasiye, ndipo mtima womwe ukumveka ndi wa mkaziyo.

Umboni wa kamvekedwe umapezeka m'mawu osankhidwa, m'zithunzithunzi ndi m'kayendedwe, koma Chichewa chili ndi malo enanso omwe ambiri sawayang'ana, ndiwo tizigawo ta mneni. Kachigawo ka -nka-, monga mu tinkasewera, kamabwezera womvera ku zomwe zidatha, ndipo kakabwerezedwa kamadzutsa kupukwa. Ka -dza- kamaloza m'tsogolo, ndipo kamanyamula lonjezo kapena chiopsezo. Ka -kada-, monga mu ndikadapita, ndi ka munthu wonong'oneza bondo. Mneni wothera ndi e, monga mu abwere kapena mundimvere, ndi wa munthu wopempha kapena wolakalaka. Ulemu nawonso umaulula zambiri. Woyankhula akayamba ndi inu n'kudzatsikira ku iwe m'ndime yachitatu, pamenepo pachitika kanthu, kaya ndi kukwiya kaya ndi kuyandikana, ndipo wosanthula asadutsepo osaima.

M'ndime ya mayi wodikira mulibe mawu oti chisoni kapena kusungulumwa. Kamvekedweko kamangidwa ndi nthawi yamadzulo, ndi utsi wosonyeza kuti m'makomo ena mukuphikidwa chakudya cha banja lathunthu, ndi kukhala pakhomo komwe ndi malo oyang'anira kunjira, ndi kugunda katatu kodekha, ndiponso ndi zii womaliza uja. Dzina loti Joni likuonjezera katundu wake kwa aliyense wodziwa za amuna ndi ana omwe adapita ku South Africa kukasaka ntchito, kuyambira nthawi ya migodi mpaka lero. Ndakatulo yomwe imatchula dzina la chisoni chake mzere uliwonse kawirikawiri imakhala yofooka kuposa yomwe imachisonyeza chabe.

Kodi kayendedwe ndi kamvekedwe zikhoza kutsutsana?

Zikhoza, ndipo zikatero pamakhala tanthauzo lakuya. Nyimbo zambiri za pamtondo zimayenda mwachangu ndi mosangalatsa, chonsecho mawu ake akudandaula za mwamuna woledzera, za mitala kapena za apongozi ovuta. Kayendedwe kosangalatsako ndiko kamalola kuti madandaulo atuluke poyera popanda woimbidwa mlandu. Wongomva kugunda anganene kuti nyimboyo ndi yachimwemwe, wongowerenga mawu anganene kuti ndi yachisoni, ndipo onse awiri aphonya chitonzo chomwe chabadwa pokumana ziwirizo.

Alakatuli olemba m'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi ku Malawi ankabisanso mtima wawo mwa njira yofanana, kukamba za nyama, mvula ndi mafumu akale pomwe akuloza zina. Jack Mapanje, yemwe buku lake la Chingerezi la Of Chameleons and Gods lidatuluka mu 1981, adamangidwa mu 1987 n'kukhala kundende ya Mikuyu mpaka mu 1991. Ndakatulo za nyengo imeneyo zimafuna wowerenga wodziwa kuti mawu ofatsa, ngakhale otamanda, akhoza kukhala ndi mbola kunsi kwake.

Kodi zopezazo zimalembedwa bwanji, monga pa mayeso a MSCE?

Yankho labwino limatchula chomwe chapezeka, limaloza malo ake m'ndakatulo, kenaka n'kunena ntchito yomwe chagwira. Kungolemba kuti m'ndakatuloyi muli chibwereza n'kosakwanira, chifukwa mawu omwewo akhoza kunenedwa pa ndakatulo ina iliyonse. Pa ndime ya mayi wodikira, yankho lokwanira linganene kuti mizere itatu yoyamba ili ndi maphatikizo 8 ndi kamangidwe kamodzi, zomwe zikusonyeza madzulo obwera mofanana tsiku ndi tsiku, ndipo mzere wachinayi wathyola dongosololo pothera pa mvekero woti zii, kuti womvera amve kusowa kwa yemwe akuyembekezeredwa. Potchula kamvekedwe, mawu olunjika amaposa mawu otakata. Kunena kuti n'kachisoni si kulakwa, koma kunena kuti n'kosonyeza kupukwa kosakanikirana ndi nkhawa kwayandikira kwambiri pa zomwe zili m'mizeremo.

Kodi anthu awiri akhoza kusanthula ndakatulo imodzi n'kupeza zosiyana?

Pa zowerengeka kusiyana kumakhala kochepa, koma kulipo. Mzere woti njira ya Joni ili zii uli ndi maphatikizo 8 kwa yemwe watenga zii ngati phatikizo limodzi lokokedwa, ndipo uli ndi 9 kwa yemwe wawerenga i aliyense payekha. Woyambayo anganene kuti mzerewo wasunga chiwerengero koma wasintha malo otsamira liwu. Wachiwiriyo anganene kuti wasefukira ndi phatikizo limodzi, ngati kudikira komwe kwapitirira nthawi yake. Onse awiri ali ndi poimira, malinga afotokoze momwe awerengera.

Pa kamvekedwe mpata umakula. Wina amva mayi wotaya mtima, wina amva mayi yemwe akukhalabe pakhomo chifukwa chiyembekezo sichinamuthere, ndipo mneni woti akhala akulola zonse ziwiri. Malire ake ndi mizere yomweyo. Wonena kuti ndimeyi ndi yamkwiyo ayenera kuonetsa mawu, mvekero kapena kugunda komwe kwanyamula mkwiyowo, ndipo m'mizere inayi ija mulibe.